Marcel Mule: msilikali amene adakweza ulemu wa saxophone

Bandi ya asilikali ikamaimba pa perete ku Malawi Armed Forces College m'boma la Salima, saxophone imamveka pakati pa malipenga. Ku Ulaya nako, kwa zaka zambiri chida chimenechi chinkatengedwa ngati cha perete ndi madansi basi. Mmodzi mwa amene adasintha maganizo amenewa ndi Marcel Mule wa ku France.

Mule adabadwa pa 24 June 1901 ku Aube, m'chigawo cha Normandy. Bambo ake, omwe ankatsogolera bandi, ndiwo adamuphunzitsa saxophone ali mwana. Mu 1923 adalowa bandi ya asilikali ya Garde Républicaine ku Paris, komwe adayambitsa gulu la oliza saxophone anayi. Luso lonjenjemeretsa mawu a chidachi adalitola kwa oimba jazi, n'kulilowetsa m'nyimbo za classical.

Ntchito yake yaikulu idali m'kalasi. Sukulu ya nyimbo ya Paris Conservatoire idasiya kuphunzitsa saxophone mu 1870, m'nthawi ya Adolphe Sax, mwini wake amene adapanga chidachi. Patapita zaka 72, mu 1942, kalasiyo idatsegulidwanso ndipo Mule adakhala pulofesa wake.

Mu 1958 adaimba ndi Boston Symphony Orchestra ku America. Adapuma ntchito mu 1968, ndipo mpando wake adausiyira wophunzira wake, Daniel Deffayet. Ophunzira ena, monga Jean-Marie Londeix ndi Frederick Hemke, nawonso adadzakhala aphunzitsi otchuka.

Mule adamwalira mu December 2001 ali ndi zaka 100.