Bishopu Amene Anagona Kwathu Kuno

Anzanga, tikapita ku boma timangodutsa pa tchalitchi cha All Saints osadziwa kuti pamenepo pali manda a Chauncy Maples. Iyeyu anabadwira ku England mu 1852. Anatumikira ku Likoma, komwe ankasindikizanso nyuzipepala ya Nyasa News. Mu 1895 anamudzoza ubishopu ku London, koma pobwerera, pa 2 Sepitembala, namondwe anagubuduza boti lake panyanja yathuyi, iye n'kumira.

Mbiriyi sinatayike chifukwa nyuzipepala zinalemba za imfa yake, mlongo wake Ellen n'kulembanso buku. Nanga asodzi a m'mabanja mwathu amene nyanja yomweyi inawatenga, anawalemba ndani? Tiyeni tifunse agogo akadali moyo, mayinawo tilembe tokha m'kope.