Sérgio Arouca

Antônio Sérgio da Silva Arouca (20 Ogasiti 1941 – 2 Ogasiti 2003) anali dokotala komanso wandale wa ku Brazil. Ndi mmodzi mwa anthu amene anayala maziko a Sistema Único de Saúde (SUS), dongosolo la boma lopereka chithandizo chamankhwala chaulere kwa aliyense.

Chiyambi chake

Anabadwira ku Ribeirão Preto m'chigawo cha São Paulo ndipo anamaliza maphunziro audokotala mu 1966, dziko lili m'manja mwa asilikali. Nthawi imeneyo chithandizo cha boma chinkapita makamaka kwa anthu olembedwa ntchito, amene ankadulidwa ndalama pamalipiro awo. Anthu ambiri akumidzi ndi osowa ntchito ankadalira zipatala zachifundo. Arouca analowa m'gulu la madokotala ndi aphunzitsi omwe ankafuna kuti tsankholi lithe.

Ufulu ulowa m'malamulo

Ulamuliro wa asilikali utatha mu 1985, anasankhidwa kukhala mkulu wa Fiocruz, bungwe la boma lofufuza zaumoyo. Mu Malichi 1986 anatsogolera msonkhano wachisanu ndi chitatu wa zaumoyo wa dziko lonse ku Brasília, komwe kunafika anthu opitirira 4,000, kuphatikizapo nthumwi za anthu wamba. Mfundo za msonkhanowu zinalowa m'malamulo oyendetsera dziko a 1988. Gawo 196 limanena kuti umoyo ndi ufulu wa munthu aliyense ndipo boma lili ndi udindo wouteteza.

Koma gawolo palokha silikanathandiza wodwala popanda malamulo ofotokoza amene adzayendetse ntchitoyo ndi mmene ndalama zidzagawidwire. Lamulo 8.080 la Seputembala 1990 linalongosola kayendetsedwe ka SUS, koma Pulezidenti Fernando Collor anakana ndime zopatsa anthu wamba mwayi wotenga nawo mbali. Magulu omenyera zaumoyo atadandaula, Lamulo 8.142 la Disembala chaka chomwecho linakhazikitsa makhonsolo azaumoyo okhala ndi nthumwi za ogwiritsa ntchito zipatala.

Zaka zomaliza

Arouca anakhala phungu wa chigawo cha Rio de Janeiro kuyambira 1991 mpaka 1999. Lamulo 9.836 la 1999, lodziwika ndi dzina lake, linatsegula nthambi ya SUS yosamalira mitundu ya eni nthaka. Anamwalira ndi khansa ku Rio de Janeiro, ndipo sukulu ya zaumoyo ya Fiocruz inatchedwa dzina lake.