G.V. Black: mwana wa mlimi amene anaika malamulo omatira mano

Aliyense amene anakhalapo pampando wa dokotala wa mano, makina obowolera akulira m'kamwa, anakumanapo ndi ntchito ya a Greene Vardiman Black, ngakhale kuti dzina lawo sanalimvepo.

A Black anabadwa pa 3 Ogasiti 1836 pafamu ina pafupi ndi Winchester, m'chigawo cha Illinois ku America. Kusukulu sanapite patali. Ali ndi zaka 17 anayamba kuphunzira zachipatala kwa akulu awo, a Thomas, amene anali dokotala, ndipo mu 1857 anaphunzira za mano kwa kanthawi kochepa ku Mount Sterling. Atavulala bondo pankhondo yapachiweniweni ya dzikolo, anakakhazikika ku Jacksonville.

Masiku amenewo dokotala aliyense ankamata dzino mmene ankaonera. Amalgam, chitsulo chosakaniza siliva ndi mercury, chinkafufuma kapena kunyala m'dzino, kenako n'kuyamba kulowa zakudya m'mphepete. A Black anadzipangira okha zipangizo zoyezera mphamvu ya nsagwada ndi kusintha kwa chitsulocho, mpaka mu 1895 analengeza kasakanizidwe kokhazikika. Anagawanso zibowo za mano m'magulu asanu malinga ndi malo ake, ndipo magulu amenewa akuphunzitsidwabe lero. Mu 1897 anakhala mkulu wa sukulu ya mano ya pa Northwestern University ku Chicago, ndipo buku lawo lalikulu la magawo awiri linatuluka mu 1908.

Koma lamulo limene linawatchukitsa kwambiri ndi limenenso madokotala a lero akulisiya. Iwo ankaphunzitsa kuti chibowo chizikulitsidwa kupyola pamene pawola, kufikira malo amene lilime ndi mswachi zimayeretsa mosavuta, kuti kuwolako kusadzayambirenso. Panalinso chifukwa china: amalgam sichimamatirira kudzino, choncho chimafuna mphako yosemedwa bwino kuti chisagwe. Vuto lake n'lakuti mbali yabwinobwino ya dzino inkatayika, ndipo dzino silimeranso mnofu. Chomatacho chikatha, chibowo chinkakulitsidwanso, mpaka dzino kung'aluka n'kuzulidwa.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1955 pamene Michael Buonocore anaonetsa kuti asidi amathandiza zomatira kugwira dzino. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera glass ionomer, chomatira chimene chimagwira chokha ndi kutulutsa fluoride. Pakati pa zaka za m'ma 1980, ku Tanzania, Jo Frencken anayambitsa njira ya ART, yopala pofewa pokha ndi tizitsulo tam'manja, popanda magetsi kapena makina. Njirayi inayesedwanso m'sukulu za ku Zimbabwe.

Kuwaimba mlandu a Black kungakhale kulakwa, pakuti ankagwira ntchito ndi zipangizo za nthawi yawo, ndipo iwo eni ankauza ophunzira awo kuti tsiku lina ntchito ya dokotala idzakhala yopewa kuwola osati yokonza. Mu 1909, ali okalamba, anapita ku Colorado Springs kukathandiza Frederick McKay kufufuza mano a ana amene anali ndi mawanga ofiirira. Awiriwo anadabwa kuona kuti mano osaoneka bwinowo sankawola msanga. Chochititsa chake, fluoride wam'madzi akumwa, chinadziwika mu 1931, patadutsa zaka 16 chimwalirireni a Black pa 31 Ogasiti 1915. Chipilala chawo chili ku Lincoln Park mumzinda wa Chicago.