Samora Machel ndi ndege yomwe sinatsitse mapiko

Ndikakhala kwathu ku Lifuwu madzulo, ndimakonda kuyang'ana mapiri a kutsidya kwa nyanja. Kuseri kwake ndi ku Mozambique. Agogo anga akatchula dzikolo, dzina lomwe limatsatira ndi la Samora Machel, ngakhale anafa ine ndisanabadwe.

Samora anabadwa pa 29 September 1933 ku Chilembene, m'chigawo cha Gaza. Anayamba ngati namwino ku Lourenço Marques, komwe lero ndi ku Maputo. Mu 1963 anathawira ku Tanzania kukalowa Frelimo, n'kukaphunzira zankhondo ku Algeria. Eduardo Mondlane ataphedwa mu 1969, utsogoleri unagwera iye, ndipo pa 25 June 1975 anakhala pulezidenti woyamba wa Mozambique.

Ndi ife sankamwerana madzi. Mu September 1986 anabwera ku Blantyre limodzi ndi Kaunda ndi Mugabe kudzadzudzula Kamuzu kuti Malawi ikuthandiza zigawenga za Renamo. Patangotha milungu isanu, munthuyo kunalibe.

Usiku wa pa 19 October 1986 ankachokera ku msonkhano ku Mbala, m'dziko la Zambia, pa ndege ya Tupolev Tu-134 yoyendetsedwa ndi anthu a ku Soviet Union. Itayandikira Maputo, ndegeyo inakhotera kumanja, n'kumatsika oyendetsawo akuganiza kuti bwalo lili kutsogolo. Belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira linalira masekondi 32, koma sanaikweze. Inawomba phiri ku Mbuzini, m'dziko la South Africa. Anthu 35 anafa.

Chomwe chimandigwira mtima ine n'chakuti ofufuza anapeza mateyala ndi ma flaps zili zosatsitsa. Ma flaps ndi tizigawo ta kumbuyo kwa phiko. Mukakhala pawindo mumationa tikutambasuka ndege ikamatera. Timathandiza kuti ndege ichepetse liwiro koma isagwe. Tikakanika, woyendetsa amateradi, koma amabwera mothamanga kwambiri, mphuno ili m'mwamba mwakuti msewu wa pabwalo sauona bwino, amafunika bwalo lalitali, ndipo mabuleki amatha kutentha mpaka mateyala kuphulika. Komabe ameneyo amakhala akudziwa vuto lake ndipo wakonzeka. A ndege ya Samora sankadziwa n'komwe kuti nthawi yawathera. Anakumana ndi phirilo pa liwiro loposa makilomita 400 pa ola.

Kafukufuku wa South Africa, wotsogoleredwa ndi jaji Cecil Margo, analoza chala oyendetsa. A Soviet anakana, ati ndegeyo inasocheretsedwa ndi chipangizo chabodza cholondolera ndege. Ineyo ndimaona kuti ziwirizi sizitsutsana kwenikweni: wina akhoza kukusocheretsa, iwenso n'kunyozera belu.

Agogo amati m'mawa mwake wailesi itaulutsa uthengawo, asodzi ena pa gombe la Lifuwu anangokhala pa mabwato awo, maukonde ali pamchenga, mpaka dzuwa linakwera.