W.E.B. Du Bois ndi Mphunzitsi Amene Anamulozera ku Koleji

William Edward Burghardt Du Bois anabadwa pa 23 February 1868 m'katauni ka Great Barrington, m'chigawo cha Massachusetts kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America. Apo n'kuti patangodutsa zaka ziwiri chithetsedwereni ukapolo m'dzikomo. Kwawo ankangomuti Willie, ndipo nafenso timutchula choncho mpaka atakula.

Bambo ake, a Alfred, anachoka pakhomo mwanayo adakali wakhanda ndipo sanabwererenso. Udindo wonse unatsalira mayi ake, a Mary Silvina a m'banja la Burghardt. Banjali linali lakalekale m'deralo. Kholo lawo, dzina lake Tom, linagwidwa kumadzulo kwa Africa n'kugulitsidwa ukapolo, ndipo zidzukulu zake zinakula zili mfulu koma zosauka: ena ankalima timinda, ena ankaperekera zakudya m'mahotela, ena ankagwira ntchito m'nyumba za azungu. Mayi a Willie nawo ankagwira ntchito za m'nyumba mpaka pamene anadwala sitiroko n'kuyamba kuyenda motsimphina. Mnyamatayo akaweruka kusukulu ankagulitsa nyuzipepala, kutchetcha kapinga ndi kuwaza nkhuni kuti pakhomo pasasowe kangachepe.

Anthu akuda m'tauniyo anali owerengeka, choncho ana onse ankaphunzira sukulu imodzi. Tsankho linalipo koma losafuula. Willie analizindikira bwino tsiku lina pamene ana a m'kalasi ankapatsana timakadi ta mayina awo, mtsikana wina wachilendo n'kukana kulandira kakhadi kake. Kuyambira pamenepo anatsimikiza mtima kuti aziwaposa anzakewo pa mayeso, ndipo nthawi zambiri ankawaposadi. Koma kukhoza m'kalasi pakokha sikukadamufikitsa patali. Mwana wakuda wanzeru m'masiku amenewo ankayembekezeka kuphunzira zomuyeneretsa ntchito yamanja, basi. Pa abale a mayi ake panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako ku koleji.

Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale ya m'tauniyo anali a Frank Hosmer, mzungu yemwe anaphunzira ku koleji ya Amherst. Iwowa ndi amene anauza Willie kuti atenge maphunziro okonzekeretsa munthu kupita ku koleji: aljebra, jometri, Chilatini ndi Chigiriki. Inu ophunzira musadabwe ndi zinenero ziwirizi. Nthawi imeneyo makoleji ambiri odziwika ku America ankafuna kuti wolowa akhale atazidziwa, moti mwana amene sanaziyambe ku sekondale anali atadzitsekera yekha chitseko asanadziwe n'komwe kuti chitsekocho chilipo. Willie sankadziwa zimenezi. Mayi ake sankadziwanso. Amene ankadziwa anali mphunzitsi, ndipo anagwiritsa ntchito zomwe ankadziwazo.

Vuto linabwera pa mabuku. Mabuku a Chigiriki anali okwera mtengo, ndipo mayi odwala aja sakadawakwanitsa. A Hosmer anakalankhula ndi Mayi Russell, mkazi wa mmodzi mwa eni fakitale ya nsalu m'tauniyo, amene mwana wawo ankacheza ndi Willie. Mayiwo anagula mabukuwo. Ife tikuona kuti apa m'pamene pali kusiyana kwa a Hosmer ndi aphunzitsi ambiri abwino. Kuuza mwana kuti ndi wanzeru sikudya ndalama. Kupita kukagogoda pakhomo la munthu wachuma kukapempha mabuku a mwana wa mnzako kumafuna kuti uike pansi ulemu wako kwa kanthawi.

Willie sanali mngelo ayi. Tsiku lina iye ndi anzake anathyola mphesa m'munda wa munthu wina wolemekezeka. Woweruza milandu wa m'deralo anaganiza zoti anyamatawo akatsekeredwe kumalo osungirako ana opulupudza, akaphunzire ntchito yamanja kumeneko. A Hosmer analowererapo n'kumuikira kumbuyo, ndipo nkhaniyo inathera pa kudzudzulidwa. Mphesa zochepa zikadatha kuthetsa zonse zimene tikufotokoza pansipa.

Ali ndi zaka 15, Willie anayamba kutumiza tinkhani ta ku Great Barrington ku nyuzipepala ya anthu akuda yotchedwa New York Globe. Mu 1884 anamaliza sekondale ali ndi zaka 16, wakuda woyamba kumaliza pasukulupo. Pa mwambo wotsazikana analankhula za Wendell Phillips, mzungu wolimbana ndi ukapolo yemwe anali atamwalira chaka chomwecho, mayi ake akumvetsera.

Mtima wake unali pa Harvard, yunivesite yakale kwambiri ku America, yomwe ili m'chigawo chake chomwecho cha Massachusetts. Koma ndalama panalibe, maphunziro a kasukulu ka kwawo sankafika pa muyezo umene Harvard inkafuna, ndipo akuluakulu anati adakali wamng'ono, ayambe wagwira ntchito chaka chimodzi. Anapeza ntchito yolemba maola a anthu omanga chinyumba chachikulu cha mayi wina wamasiye wolemera kwambiri. M'mwezi wa March 1885 mayi ake anamwalira. Unali ulendo wowawa, komabe n'zoona kuti akadakhala moyo, mwana wawo sakadawasiya okha n'kupita kutali.

A Hosmer sanamutaye chifukwa chakuti wachoka m'kaundula wa sukulu. Pamodzi ndi abusa awiri, a Painter ndi a Scudder, ndiponso mkulu wa sukulu ina ya m'tauniyo, anakonza zoti mipingo inayi izipereka madola 25 uliwonse pachaka. Koma ndalamazo zinali zopitira ku Fisk University, koleji ya anthu akuda mumzinda wa Nashville ku Tennessee, osati ku Harvard. Abale ake anakwiya. Iwo anali mfulu kwa mibadwo ingapo, nanga bwanji mwana wawo atumizidwe kum'mwera, dera lomwe ukapolo unali utangotha kumene ndipo tsankho linali poyera? Kudandaula kwawo kunali komveka, ndipo sitinganene kuti azungu amene anakonza ulendowo analibe maganizo akuti malo a mwana wakuda ndi pakati pa akuda anzake. Willie anavomera kupita. Harvard sanaiiwale, anangoiika pambali.

Fisk inatsegulidwa mu 1866 kuti iphunzitse anthu omasulidwa ku ukapolo. Willie atafika mu 1885 anamuyambitsa chaka chachiwiri, kudumpha choyamba, chifukwa Chilatini ndi Chigiriki cha a Hosmer chija chinali chitamuika patsogolo. Atangofika anadwala taifodi kwa milungu ingapo, koma anachira, ndipo pambuyo pake anakhala mkonzi wa nyuzipepala ya ophunzira. Kwa nthawi yoyamba anakhala pakati pa achinyamata akuda ambirimbiri ophunzira, ndipo anayamba kudziona ngati mmodzi wa iwo.

Chimene chinamutsegula maso koposa ndi tchuthi. M'zaka za 1886 ndi 1887 anapita kukaphunzitsa kumidzi pafupi ndi katauni ka Alexandria, m'kanyumba ka mitengo komwe kale ankasungiramo chimanga. Ana ankakhala pa matabwa opanda chotsamira, ndipo ankajomba ntchito ya kumunda ikachuluka. Kumeneko anakumana ndi Josie, mtsikana wa zaka pafupifupi 20, wakhama ndi wanjala ya sukulu, amene ankalakalaka kukaphunzira mumzinda. Pakhomo pa makolo ake zonse zinkadalira iye. Patapita zaka khumi mphunzitsi uja anabwerera kukaona ophunzira ake akale, n'kupeza Josie atamwalira, ntchito ndi mavuto a pakhomo zitamutha. Anali ndi mutu ndi khama ngati la Willie, koma panalibe womupezera mabuku kapena womusonkhera madola 100. Nkhani ya Josie anadzailemba m'buku lake lotchuka la The Souls of Black Folk la mu 1903.

Mu 1888 anamaliza ku Fisk ndipo Harvard inamulandira, koma inakana kuwerengera digiri yake ngati yokwanira. Anayenera kuyambira chaka chachitatu n'kuphunziranso zaka ziwiri. Sanachite manyazi. Anaphunzira pansi pa akatswiri monga William James, n'kulandira digiri ya Harvard mu 1890. Kenaka anamva kuti a Rutherford Hayes, mtsogoleri wakale wa dziko la America amene ankayang'anira thumba la Slater Fund, ananena kuti angathe kutumiza wachinyamata wakuda waluso ku Ulaya koma woteroyo sakupezeka. Mnyamata wa ku Great Barrington uja anawalembera makalata mosatopa mpaka anamupatsa thandizo, theka mphatso, theka ngongole. Apa tikuona kuti anali ataphunzira kudzigogodera yekha zitseko. Anaphunzira ku Berlin kuyambira 1892 mpaka 1894, ndalama n'kutha asanatenge digiri ya kumeneko. Mu 1895 Harvard inamupatsa digiri ya udokotala wa maphunziro, munthu wakuda wa ku America woyamba kuilandira pasukulupo. Kafukufuku wake anali wokhudza kuthetsedwa kwa malonda a akapolo ochokera ku Africa. Panali patatha zaka 11 chimalizireni sekondale.

Dr. Du Bois anaphunzitsa ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, kenaka anayenda khomo ndi khomo mumzinda wa Philadelphia kufunsa mabanja a anthu akuda za ntchito, nyumba, thanzi ndi sukulu. Buku lomwe linatuluka mu 1899 linasonyeza ndi manambala kuti umphawi wawo unkachokera ku mbiri ya ukapolo ndi kumanidwa ntchito, osati ku mtundu wawo. Atatero anakaphunzitsa ku Atlanta University.

Mkangano waukulu wa moyo wawo unali pa funso lomwe a Hosmer anayankha kale mwakachetechete. Mtsogoleri wamphamvu wa anthu akuda panthawiyo, a Booker T. Washington a ku Tuskegee, ankalimbikitsa kuti akuda ayambe aika mtima pa ulimi, umisiri ndi malonda, za ndale ndi maphunziro apamwamba zidikire. Maganizowa sanali opusa: anthu ambiri anali ndi njala, ndipo mmisiri wa matabwa amadya tsiku lomwelo. Dr. Du Bois sankanyoza ntchito yamanja. Chimene ankakana n'chakuti mwana aikidwiretu malire chifukwa cha khungu lake. Ankafunsanso kuti aphunzitsi a sukulu za umisirizo adzachokera kuti ngati palibe akuda opita ku koleji. Ena anawadzudzula kuti ankaika mtima kwambiri pa kagulu kochepa ka ophunzira bwino, ndipo atakalamba iwo eni anavomereza kuti digiri yopanda mtima wotumikira anthu siipindulitsa mtundu. M'buku lofotokoza moyo wawo la mu 1940 anakumbukira a Hosmer, n'kuvomera kuti mphunzitsiyo akadakhala munthu wina n'kuwalozera ku maphunziro otsika, iwo akadangotsatira osawiringula, chifukwa sankadziwa kusiyana kwake.

Mu 1909 anathandiza kukhazikitsa bungwe la NAACP lomenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo kuyambira 1910 mpaka 1934 anali mkonzi wa magazini yake, The Crisis. Chaka ndi chaka magaziniyi inkatulutsa zithunzi ndi mayina a achinyamata akuda omaliza maphunziro ku koleji, kuti ana ena aone kuti n'zotheka.

Maso awo anali ku Africa. Anakonza msonkhano wa Pan-African Congress ku Paris mu 1919, ndipo pa msonkhano wa ku Manchester mu October 1945, ali ndi zaka 77, anakhala pampando wolemekezeka pakati pa atsogoleri achinyamata ofuna ufulu wodzilamulira. Panali Kwame Nkrumah, Jomo Kenyatta, ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda amene anaimira Nyasaland. A Banda nawo anali atadutsa m'malo omwewo: anaphunzira sekondale ku Wilberforce, ndipo udokotala anautenga mu 1937 ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, kumene kuli Fisk.

Ukalamba wawo sunali wa mtendere. Mu 1951 boma la America linawazenga mlandu chifukwa cha ntchito yawo m'bungwe lina lotsutsa zida za nyukiliya. Woweruza anauthetsa mlanduwo, komabe pasipoti yawo inagwidwa mpaka 1958, ndipo anzawo ambiri anawathawa. Mu 1961 analowa chipani cha Chikomyunizimu, chinthu chomwe chinakhumudwitsa ambiri mwa owakonda, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Ghana ataitanidwa ndi Nkrumah kuti akatsogolere ntchito yolemba buku lalikulu la chidziwitso cha Africa, Encyclopedia Africana.

A Hosmer anali atamwalira kale mu 1918, atatsogolerako koleji ina ku Hawaii kwa zaka khumi. Anakhala ndi moyo mpaka kuona wophunzira wawo ali dokotala wa ku Harvard ndi mkonzi wodziwika dziko lonse. Dr. Du Bois anamwalira ku Accra pa 27 August 1963 ali ndi zaka 95, ali nzika ya Ghana, buku lalikulu lija lisanathe. M'mawa mwake anthu oposa 200,000 anasonkhana mumzinda wa Washington pa chionetsero chofuna ufulu ndi ntchito, pomwe Martin Luther King analankhula, ndipo uthenga wa maliro unalengezedwa kwa khamulo. Manda awo ali ku Accra, pabwalo la nyumba yomwe ankakhala, imene lero ndi malo osungirako mabuku awo.