Gasi m'injini ya dizilo: a Diesel anaganiza kale

Sabata yatha ndinali m'Rosa ya ku Matero, titaima pa mzele wa mamotoka mu Lumumba Road. Adalaiva na kondakitala anali kukambilana zomanga botolo la gasi m'basi, gasi imodzimodzi imene tiphikila nsima malaiti akapita. Akuti makanika wina ku George amacita zimenezi ndipo dizilo imakhalitsa. Anthu anaseka. Ine sin'naseke, cifukwa nzelu imeneyi ni yakale kupambana agogo athu, ndipo mwini wake ni uja dzina lake lili pa pampu iliyonse.

Rudolf Diesel anabadwila ku Paris mu 1858, makolo ake anali Ajelemani. Nkhondo ya France na Prussia itabuka mu 1870, banja lonse linapitikitsidwa n'kuthawila ku London, ndipo mnyamata wa zaka 12 anam'tumiza kwa acibale ku Augsburg. Anaphunzila ku Munich kwa Carl von Linde, katswili wa makina oziziritsa, amene pambuyo pake anam'lemba nchito.

Cimene cinali kumuŵaŵa Diesel ni kuwononga. Injini za nthunzi za masiku amenewo zinali kutaya pafupifupi magawo 9 pa magawo 10 a mphamvu ya malasha. Poyamba anayesa injini ya ammonia. Inaphulika, iye n'kugona m'cipatala miyezi yambili.

Atacila anatenga njila ina: kupanikiza mpweya kwambili mpaka utenthe, ndiyeno kuthilamo mafuta kuti ayake okha, popanda pulagi. Kampani ya makina ya ku Augsburg na ya Krupp zinaikapo ndalama, ndipo mu 1897 injini inaseŵenza bwino. Munthuyu sanakakamile mafuta amodzi, iyayi. Anayesa palafini, gasi younikila m'matauni, ngakhale fumbi la malasha a pansi. Pa cionetselo ca ku Paris mu 1900, injini ya mtundu wake inayenda na mafuta a nshawa, nshawa monga izi za ku Chipata.

Manje mvelani apa. Mu 1901 ku America anam'patsa ciphaso ca njila yosakaniza gasi na mpweya woloŵa m'injini, kenako kuthila mafuta pang'ono kuti ayatse. Gasi ya m'mabotolo inabwela pambuyo, koma ni mmene imaseŵenzela m'injini ya dizilo mpaka lelo. Payokha siyaka bwino na kupanikiza cabe, dizilo ndiye macisi ake. Conco amene akuuzani kuti basi idzaleka kumwa dizilo akunamizani. Gasi imangothandizila gawo locepa. Mukaicukitsa injini imagogoda, mapisitoni amapsa, ndipo ndalama imene munapulumutsa mwezi wonse ithela ku galaji tsiku limodzi.

Cina cimene cinandiopsa m'basi muja n'cakuti palibe anachula kumene botolo lidzakhala. Gasi imeneyi ni yolema kupambana mpweya, ikadontha imakhala pansi, pa mapazi athu. Imafuna thanki yopangidwila motoka, yomangidwa kunja, yokhala na valavu yotseka yokha injini ikazima. Botolo la kukhichini pansi pa mpando wa mayi wobeleka mwana, ine sin'ngakwele, olo mtengo utsike na K2.

Diesel analemela na maciphaso ake, koma cuma cinathela m'malonda olakwika, thanzi nalo linavuta. Pa 29 September 1913 anakwela sitima yochedwa Dresden ku Antwerp kupita ku England. Anadya cakudya ca madzulo, anapempha kuti akamuutse m'maŵa, n'kupita kucipinda cake. Kutaca, bedi inali yosagonedwapo. Patapita masiku 10 amalinyelo anapeza mtembo panyanja, anatenga tuzinthu twa m'matumba, ndipo mwana wake Eugen anatuzindikila. Mkazi wake Martha atatsegula cola cimene anam'siyila, anapeza ndalama na mapepala oonetsa kuti kubanki kunalibe kanthu. Anali na zaka 55.