Malangatana: mwana wotola mipira amene anaika mbiri ya dziko pa makoma

Pa 5 Januwale 2011, m'chipatala cha ku Matosinhos m'dziko la Portugal, munamwalira bambo wa zaka 74 amene anthu ambiri amamuyesa mmisiri wamkulu wa zojambulajambula kuposa onse amene dziko la Mozambique linabalapo. Dzina lawo lonse linali Malangatana Valente Ngwenya. Dzina lomalizirali silachilendo kuno ku Angónia, chifukwa m'chiyankhulo cha makolo a Angoni, monganso m'Chironga cha kwawo kwa malemuwa, ngwenya ndiye ng'ona. Zithunzi zawo zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo za luso kunja kwa dziko lino, koma iwo ankafunanso kuti zioneke pa khoma, pomwe munthu wopanda ndalama akhoza kuima n'kuziyang'ana, ndiponso kuti ana a anthu wamba agwire utoto ndi manja awo.

A Malangatana anabadwa pa 6 Juni 1936 m'mudzi wa Matalana, m'boma la Marracuene, kumpoto pang'ono kwa mzinda umene lero ndi Maputo. Bambo awo ankakhalitsa ku migodi ya ku Joni, monga momwe azibambo ambiri a kuno ankachitira pa nthawi ya Wenela, choncho mwanayu anakulira m'manja mwa mayi ake. Ankaweta ng'ombe ndi kuthandiza kumunda. Kuwerenga ndi kulemba anayambira pa sukulu ya mishoni ya Aswisi, kumene ankaphunzitsa m'Chironga, kenaka anapita ku sukulu ya Akatolika. Sanapite patali ndi sukuluyo. Mayi ake atadwala, pakhomo panavuta, ndipo kwa kanthawi mnyamatayu ankathandiza ntchito kwa sing'anga. Zimene anaona ndi kumva kumeneko, za mizimu, za maloto ndi za mantha a usiku, zinadzatulukira m'zithunzi zake atakula.

Ali ndi zaka 12 anapita ku Lourenço Marques kukafuna ganyu. Anagwira ntchito za m'nyumba ndi kulera ana a eni ake. M'chaka cha 1953 analembedwa ntchito yotola mipira pa kalabu ya tenesi ya azungu, ndipo ndalama zochepa zimene ankalandira zinamuthandiza kulowa sukulu ya madzulo. Apa ndi pamene moyo wake unakhotera. Mmodzi mwa osewera pa kalabuyo, Augusto Cabral, katswiri wa za nyama ndi zomera amenenso ankakonda kujambula, anaona kuti mnyamatayu ali ndi dzanja. Anamupatsa utoto ndi mabulashi n'kumulimbikitsa kuti apitirize. Mu 1958 Malangatana anayamba kufika ku Núcleo de Arte, bungwe la amisiri a zojambula mumzindawo, ndipo mu 1959 zithunzi zake zinaonetsedwa koyamba pamodzi ndi za anthu ena.

Munthu wachiwiri amene anamugwira dzanja ndi Pancho Guedes, katswiri wolemba mapulani a nyumba. Iyeyu anam'patsa galaja ya pakhomo pake kuti azijambuliramo, ndipo ankagula zithunzi zake mwezi ndi mwezi kuti mnyamatayo asamavutike ndi chakudya, aike mtima wonse pa luso. Mu 1961 a Malangatana anachita chionetsero chawochawo choyamba. M'dziko la atsamunda, momwe munthu wakuda ankamuwerengera ngati wonyamula katundu ndi wolima thonje mokakamizidwa, imeneyi inali nkhani yaikulu. Mu 1963 ndakatulo zawo zinasindikizidwa m'magazini ya Black Orpheus ya ku Nigeria, ndipo dzina lawo linayamba kumveka kunja.

Munthu akaona chithunzi cha a Malangatana kamodzi, china amachizindikira yekha. Mulibe malo opanda kanthu. Nkhope zimapanikizana ngati anthu pa msika wa Ulónguè, maso aakuluakulu akuyang'ana amene waima patsogolo pake. Pali mano, zikhadabo, unyolo ndi magazi. Munthu, nyama ndi mzimu zimalukana mwakuti sudziwa pamene china chathera. Utoto wofiira ndi umene unkachuluka. Azungu ena ankaona ngati ndi nthano za ufiti chabe, koma anthu akuda a mumzindamo ankazindikira nkhope za chibalo ndi za ndende.

Apolisi achinsinsi a Apwitikizi, a PIDE, nawonso anazindikira. Mu 1964 a Malangatana anali atagwirizana mobisa ndi FRELIMO, ndipo anamangidwa. Anakhala m'ndende miyezi 18, nthawi yomwe alembi odziwika José Craveirinha, Rui Nogar ndi Luís Bernardo Honwana analinso m'manja mwa apolisi omwewo. Anatuluka mu 1966 khoti litawapeza osalakwa. Ndende ya Machava sinawatsekereze dzanja, chifukwa ngakhale ali m'katimo ankajambula pa mapepala zimene ankaona. Mu 1971 bungwe la Gulbenkian linawalipirira maphunziro ku Lisboa, kumene anaphunzira kudinda zithunzi ndi kuumba.

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, makoma a Maputo anasanduka ngati mabuku. Anthu ambiri pa nthawiyo sankadziwa kuwerenga, ndiye chithunzi cha pa khoma chinkafika kumene nyuzipepala sinkafika. Anthu ena a ku Chile, amene anathawa ulamuliro wa Pinochet n'kudzakhala kuno, anabwera ndi chizolowezi cha kwawo chojambula khoma limodzi anthu ambiri. Khoma lalitali la pa Praça dos Heróis, pafupi ndi bwalo la ndege, linajambulidwa ndi gulu potsatira chithunzi chimene anakonza João Craveirinha. A Malangatana nawo anasiya ntchito zawo pa makoma a mzindawo. Zodziwika kwambiri ndi za pabwalo la Museu de História Natural ndi za pa Centro de Estudos Africanos ku yunivesite ya Eduardo Mondlane. Anali mmodzi wa anthu amene anayambitsa Museu Nacional de Arte, kumene mu 1986, atakwanitsa zaka 50, kunachitika chionetsero chachikulu cha ntchito za moyo wawo.

Kujambula khoma n'kosiyana ndi kujambula pa nsalu m'chipinda. Khoma lili ndi eni ake, ndipo anthu amene amadutsapo tsiku ndi tsiku ayenera kugwirizana nacho chimene chaikidwapo. Ntchito yake imagawika ngati ya dima: wina akupala ndi kutsuka khoma, wina akupaka laimu, wina akulemba mizere ndi khala, ena akudzaza utoto, wamkulu akuyang'ana chapatali kuti zonse zikumane bwino. Mwana wamng'ono amene sangathe kujambula nkhope akhoza kupaka thambo kapena tsamba la chimanga, ndipo mawa lake akamadutsa amalozera anzake pamene dzanja lake linagwira. Khoma lotere ana salilemba zachabechabe, chifukwa ndi lawo.

Za ana ndi zimene zinali pamtima pa a Malangatana. Iwo sanaiwale kuti anapulumukira pa bokosi la utoto ndi galaja ya munthu wina. Kwa zaka zingapo ankayendetsa kasukulu ka Lamulungu kotchedwa Vamos Brincar, kutanthauza kuti tiyeni tisewere, kumene ana a m'makwalala a Maputo ankasonkhana kudzajambula ndi kusewera. Anagwiranso ntchito ndi bungwe la UNICEF. Dzina la kasukuluko likunena lokha mmene iwo ankaganizira: mwana asayambe ndi kuopa kulakwitsa, ayambe ndi kusewera, luso libwera pambuyo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mmisiri amene zithunzi zake zinkagulidwa ku Ulaya ankapatula tsiku lake lopuma kukhala pakati pa ana osavala nsapato.

Zimenezi zinkachitika dziko lili pa nkhondo ya zaka 16, nkhondo yomwe inabalalitsa midzi ya Angónia ndi Tsangano, mabanja ambiri n'kuwolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Sukulu zambiri za m'midzi zinatsekedwa kapena kugumulidwa, ndipo ana ena anagwiritsidwa mfuti asanadziwe kugwira pensulo. Zithunzi za a Malangatana za zaka zimenezo n'zodzaza ndi nkhope za njala ndi maliro. Iwo anali mmodzi wa oyambitsa Movimento Moçambicano para a Paz, gulu la anthu opempha mtendere. Mgwirizano utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, utoto wawo unayamba kufatsa, ndipo m'zithunzi munayamba kuoneka mitengo, minda ndi malo opumirapo diso.

Sanali munthu wa bulashi yokha. Ankaimba, kuvina, kulemba ndakatulo ndi kuchita zisudzo. Anakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 1990 mpaka 1994, ndipo mu 1998 anasankhidwa kukhala m'khonsolo ya mzinda wa Maputo. Mu 1997 bungwe la UNESCO linawapatsa ulemu wa Mmisiri wa Mtendere, ndipo chaka chomwecho analandira mphotho ya Prince Claus ya ku Netherlands. Mu 2010 yunivesite ya Évora ku Portugal inawapatsa digiri yaulemu, munthu amene sukulu yake yambiri inali ya madzulo.

Kutchuka konseku sikunawaiwalitse kwawo. Anathera mphamvu zambiri pa kumanga Centro Cultural de Matalana, malo a za chikhalidwe m'mudzi momwe anabadwira, kuti mwana wa kumudzi asachite kupita mumzinda n'kukatola mipira ya azungu kuti apeze womuonetsa njira. Atamwalira, thupi lawo linabwera ndi ndege kuchokera ku Portugal, boma linalengeza masiku olira m'dziko lonse, ndipo anaikidwa m'manda ku Matalana komweko.

Kuchokera ku Matalana kufika ku Dómuè ndi ulendo wautali, koma kujambula pa khoma si chinthu chochokera kummwera. Kutsidya kwa malire a Calómuè, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, muli malo 127 a zithunzi za pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa izo anajambula ndi amayi pophunzitsa atsikana m'chinamwali. Mpaka lero chilimwe chikafika, amayi a m'midzi ya kuno amakongoletsa zipupa za nyumba zawo ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, ana aakazi akuonerera ndi kuthandiza.

Chimene chimasowa ndi munthu woti aone mwana amene akujambula njinga kapena ng'ombe kumbuyo kwa kope lake la masamu, n'kusamukalipira. Pakhomo pamene onse akuthamangira kukumba mbatata kapena kusoka fodya, mwana wotere amaoneka ngati waulesi. Malangatana naye akanatha kuthera ku ubusa wa ng'ombe kapena kutsatira bambo ake ku mgodi. Anthu awiri anam'patsa utoto ndi malo, iye n'kudzapereka zomwezo kwa ana a anthu ena. Sukulu za Angónia zili ndi makoma ambiri oyera, ndipo laimu, makala ndi dothi lofiira zimapezeka m'mudzi uliwonse. Mphunzitsi mmodzi, chilolezo cha mkulu wa sukulu ndi cha makolo, ndi Loweruka limodzi ntchito za kumunda zikachepa, n'zokwanira kuyambira.